Moto wa gasi wa pabalaza ukununkha ndipo mutu sukusiya kupweteka, nditani?

Uthenga uwu wachokera kwa mayi wina wa kwathu yemwe pano akukhala ku England:

"Moni abambo. Ine ndimakhala ku Leeds, ndinabwera chaka chatha, ndimagwira ntchito yosamalira okalamba. Nyumba yomwe tikuchita lendi ili ndi moto wa gasi pabalaza, uja womangirira kukhoma pomwe kale ankasonkhapo malasha. Chiyambireni kuzizira mu Novembala timangoyatsa umenewu poti kutenthetsa nyumba yonse bilu yake ndi yosayamba. Vuto ndi loti ukayaka pamamveka kafungo kenakake, khoma pamwamba pake layamba kuda, mawindo amangochita thukuta, ndipo ine mutu umandipweteka pafupifupi madzulo alionse. Mwana wamkulu nayenso akudandaula chimodzimodzi, wamng'ono wa miyezi 9 akungogona kwambiri. Pansi pakhoma pali venti yomwe imalowetsa mphepo yozizira koopsa ndiye ndinaitseka ndi katoni ndi selotepi. Ndikaweruka ya usiku ndimagona pa sofa moto uli chiyakire. Alandilodi ndinawauza anati ndi fumbi chabe lizitha lokha. Kodi ndi zoona? Ndikuopa kulimbana nawo angatitulutse."

Mayi, zikomo kwambiri polemba, ndipo mwachita bwino kusakhulupirira msanga za fumbizo. Mtima ukhale m'malo, vutoli ndi lokonzeka ndipo nthawi zambiri silitenga ngakhale tsiku, komanso ndalama yokonzera siyenera kutuluka m'thumba mwanu. Koma ndikupempheni chinthu chimodzi musanapitirize kuwerenga: ngati motowo ukuyaka pano, kauzimitseni, tsegulani mawindo, matulani katoni ija, ndipo musauyatsenso mpaka munthu wodziwa ntchito atauona. Ndagwira ntchito ya gasi m'nyumba za kuno zaka zambiri ndithu, ndipo zomwe mwalembazi, mwaye pakhoma, mawindo a thukuta, venti yotseka, anthu atatu nyumba imodzi kusamva bwino nthawi imodzi, zikabwera pamodzi chonchi ine sindidikira mawa.

Za mwana wamng'onoyo ndinene pompano. Khanda lomwe likugona mopitirira m'mene limagonera, m'nyumba yomwe akuluakulu mutu ukuwapweteka, likaonedwe ndi dokotala lero lomwe. Imbani 111, nambala ya uphungu wa zachipatala kuno, muwauze kuti mukuganizira carbon monoxide, mpweya wa poizoni wochokera ku moto wosayaka bwino, mawu amenewa muwatchule ndithu. Ngati akuvuta kudzuka, walefuka, akusanza kapena akupuma mwachilendo, tulukani naye panja muimbe 999, nambala yoitanira ambulansi.

Tsopano ndikufotokozereni chomwe chikuchitika, chifukwa mukachimvetsa simudzafunanso munthu wokukumbutsani za venti.

Moto ulionse umadya mpweya. Gasi akamayaka bwino, ali ndi okosijeni wokwanira, chomwe chimatuluka ndi nthunzi ya madzi ndi carbon dioxide, ndipo zimenezi zimakwera mu chumuni kupita kunja. Okosijeni akachepa, kapena mabowo otulukira gasi akatsekeka ndi fumbi ndi ubweya wa kapeti, gasi uja amayaka mwatheka, ndiye amatulutsa mwaye ndi carbon monoxide. Kuipa kwa carbon monoxide nkoti alibe fungo, alibe mtundu, satsokomoletsa, sayabwa m'maso ngati utsi wa nkhuni zaziwisi. Munthu umangopuma bwinobwino osadziwa kanthu. Akalowa m'magazi amakakamira pamalo pomwe pamayenera kukhala okosijeni, ndipo amagwira zolimba kuposa okosijeniyo maulendo oposa 200, ndiye magazi amazungulira thupi lonse koma akunyamula katundu wolakwika. Ubongo ndi mtima ndi zomwe zimayamba kuvutika, nchifukwa chake chizindikiro choyamba chimakhala mutu, kenako chizungulire, nseru, kufooka, kusokonezeka maganizo, tulo.

Ife a kwathu nkhaniyi sitiyenera kuiona yachilendo. Tonse tinamvapo za anthu omwe analowetsa mbaula ya makala m'chipinda mu Juni kukuzizira, natseka chitseko ndi mawindo, m'mawa osadzuka. Ambiri amati wawapha ndi utsi, koma makala ofiira bwino satulutsa utsi ooneka, chomwe chimapha ndi mpweya womwewu. Moto wanu wa pabalazawo ukakhala kuti sukupuma bwino umasanduka mbaula yomweyo, kungoti ndi yooneka bwino ndipo ili ndi batani.

Nanga fungo mukulimvalo? Apa alandilodi anu sananame kotheratu, kungoti anayankha funso lomwe si lalikulu. Ndi zoona kuti moto womwe wakhala osayaka chilimwe chonse, tsiku loyamba umanunkha fumbi lopserera, ndipo moto watsopano umanunkha penti kwa maola angapo. Koma fungo limenelo limatha tsiku limodzi kapena awiri, silikhala kuyambira Novembala mpaka lero. Fungo lomwe silikutha, lolemera, lokhala ngati la chinthu chopserera kapena lofukiza m'mphuno, kawirikawiri limatanthauza kuti zomwe zimayenera kukwera mu chumuni zikubwerera m'chipinda. Mphuno yanu ikumva zinthu zina zomwe zili mu mpweyawo, ndipo pomwe pali zimenezo carbon monoxide akhoza kukhalaponso mwakachetechete. Komanso musadzaganize kuti fungo likatha ndiye kuti zili bwino, ayi, nyumba zina zomwe makina anga oyezera carbon monoxide analira kwambiri munalibe fungo lililonse.

Palinso fungo lina losiyana, lija lokhala ngati mazira oola kapena kabichi wovunda. Limenelo ndi la gasi wosayaka yemwe akudontha penapake. Gasi payekha sanunkha, amachita kumuthira mankhwala dala kuti akamatayika tidziwe. Mukamva limenelo, makamaka moto uli wozima, musayatse kapena kuzimitsa getsi, musayatse machesi, tsegulani zitseko ndi mawindo, tsekani gasi pa mita ngati mukupadziwa, mutuluke, ndipo foni ya ngozi za gasi, 0800 111 999, muimbire panja.

Tibwere ku venti ija, poti mtima wa nkhani uli pamenepo. Sindikukudzudzulani ayi, kuzizira kwa kuno kumalowa mpaka m'mafupa ndipo munthu ukaona bowo likulowetsa mphepo pomwe ukulipira ndalama zambiri kuti mutenthe, nzeru yoyamba ndi kutseka. Kwathunso timatero, ma venti a pamwamba pa windo aja timawatseka ndi mapepala kuopa udzudzu ndi fumbi. Ndapeza ma venti otsekedwa ndi masokosi, ndi pilo, ndi thumba la pulasitiki, ena anaika kabati patsogolo, ena anamata wallpaper pamwamba pake moti umachita kugogoda khoma kuti upeze pomwe inali. Azungu omwe amachita zimenezi, si ife tokha. Koma venti imeneyo siinaikidwe molakwitsa, ndi mbali ya moto womwewo ngati m'mene mphuno ilili mbali ya munthu. Chumuni chimakoka mpweya wotentha kupita kumwamba, ndipo kuti chikoke pamafunika mpweya wina ulowe m'chipinda kulowa m'malo mwa wotulukawo. Nyumba zakale za kuno zinali ndi mipata paliponse, pansi pa chitseko, m'mafelemu a mawindo, ndiye mpweya unkalowa wokha. Masiku ano anaika mawindo a magalasi awiri, zitseko za labala m'mbali, nyumba inatsekeka ngati botolo, ndiye venti ija imakhala khomo lokhalo lomwe latsala. Mukaitseka, chumuni chimalephera kukoka, ndipo mpweya woipa uja umasefukira m'chipinda kudzera pamwamba pa moto. Kuda kwa khoma mukukuonako ndi njira yomwe wakhala ukudutsa.

Chinanso chomwe ambiri sachiganizira ndi fani ya kukhitchini, ija ya pamwamba pa sitovu, kapena ya kubafa. Imakoka mpweya kutulutsa kunja, ndipo nyumba ikakhala yotsekeka mpweya wolowa m'malo umachokera komwe kuli kotsegula, komwe ndi ku chumuni. Ndiye mukuphika nsima fani ikulira, ana ali pabalaza akuonera TV, chumuni chikuyenda chobwerera m'mbuyo. Ife tikamayesa moto timayesa kawiri, fani itazima komanso itayaka, zitseko zili zotseka, chifukwa cha zimenezi.

Koma ndisakunamizeni kuti mukangomatula katoni basi zatha. Venti ikhoza kukhala theka la vuto. Chumuni chenichenicho chimatsekeka. Ndikukumbuka nyumba ina yomwe ndinapitako m'nyengo yozizira, banja la ana awiri, mayi wa m'nyumbamo anati wakhala akumwa panado masabata atatu, amaganiza kuti ndi kutopa ndi ma shifiti. Nditachotsa moto pakhoma ndi kuunika kuseri ndi tochi, pansi panali mulu wa timitengo, udzu, matope ouma ndi zidutswa za njerwa, ndinatulutsa zodzaza ndowa ziwiri. Mbalame zinamanga chisa pamwamba m'chilimwe, zina nkumagwera pansi. Nditayatsa kautsi koyesera, m'malo mokwera kanangotembenuka nkubwera kumaso kwanga, ngati munthu akupemerera kuchokera m'kati. Mayi uja anangokhala pa sofa osayankhula, kenako anati galu wawo wakhala akukana kulowa pabalaza, amangogona pakhomo la kukhitchini. Ziweto ndi ana aang'ono zimawagwira msanga kuposa ife akuluakulu, amayi oyembekezera ndi mwana wa m'mimba nawonso ali pachiopsezo chachikulu, pamodzi ndi okalamba ndi omwe ali ndi vuto la mtima kapena mphumu.

Zizindikiro zina za pa motowo ndi izi, mwina munaziona kale. Lawi la gasi woyaka bwino limakhala la buluu, lolimba, loima njo. Likakhala lachikasu kapena la olenji, laulesi, lomangogwedezeka ngati la kandulo, pali vuto. Apa ndichenjeze pang'ono, pali mitundu ina ya moto wa pabalaza, ija yokhala ndi makala abodza, yomwe anaipanga dala kuti lawi lizioneka lachikasu kuti lifanane ndi moto wa malasha, ndiye pa imeneyo mtundu wa lawi wokha sungakuuzeni zambiri. Koma mwaye pakhoma, kalawi kakang'ono koyatsira kaja kumangozimazima, ndi madzi ochuluka pamawindo moto ukayaka, zimenezo sizinama pa mtundu ulionse. Ndipo moto ukamazima wokha musamaukakamize. Yambiri ili ndi kachipangizo komwe kamadula gasi okosijeni akachepa m'chipinda, ndiye ukazima ukukuuzani kanthu. Ndinaonapo anthu atapanikiza batani ndi kamtengo kuti usazimenso, chonde zimenezo ayi.

Za m'thupi, dzifunseni mafunso awa. Kodi mutu umasiya mukapita kuntchito nkuyambiranso mukabwerera? Kodi mwana wamkuluyo kusukulu amakhala bwino? Kodi zinayamba nthawi yomwe munayamba kuyatsa moto? Carbon monoxide amanamizira chimfine, ndipo ife a kwathu mutu ndi kuphwanya m'thupi timathamangira kuganiza malungo, koma iyeyu satenthetsa thupi. Mukapita kuchipatala amayeza magazi kapena mpweya wopuma, ndipo pitani msanga chifukwa mukangotuluka m'nyumbamo mpweyawu umayamba kuchoka m'magazi, pakatha maola 4 kapena 5 theka limakhala latuluka, ndiye mukapita mkuja akhoza osapeza kanthu pomwe vuto linalipo. Poti mumagwira ntchito yosamalira anthu mwina muli ndi kamakina kopana chala koyezera okosijeni, musakadalire pa nkhaniyi. Kamakina wamba kameneko sikasiyanitsa okosijeni ndi carbon monoxide, kakhoza kulemba 98 munthu ali pangozi.

Kugona pa sofa moto uli chiyakire ndiye chomwe chandiopsa kwambiri mu uthenga wanu wonse. Ndikumvetsa, mwaima usiku wonse, mwafika m'mawa manja achita dzanzi ndi chisanu, pabalaza ndi pomwe pali pofunda. Koma munthu ali maso mutu ukamupweteka amadzuka nkutuluka, wogona sadziwa kanthu, tulo timangozama. Nchifukwa chake malamulo a gasi a 1998 amaika malire okhwima pa mtundu wa moto womwe ungaikidwe m'chipinda chogona, ndipo moto wambiri wakale wa pabalaza suunapangidwe kuti munthu azigona nawo. Ngakhale akadzaukonza, chizolowezi chimenechi chithe, tenthetsani chipinda, zimitsani, kenako gonani.

Tsopano alandilodi. Pano lamulo lili mbali yanu ndipo ndi lomveka bwino. Mwini nyumba aliyense wochititsa lendi ayenera kuyezetsa zipangizo za gasi zomwe anaika m'nyumbamo, pamodzi ndi chumuni chake, kamodzi pa miyezi 12 iliyonse, ndipo woyezayo akhale injiniya wolembedwa mu Gas Safe Register, kaundula wa anthu ololedwa kugwira ntchito ya gasi. Pepala la zotsatira, ambiri amalitchula CP12, ayenera kukupatsani musanalowe m'nyumba, ndipo akayezanso akupatseni pasanathe masiku 28. Kafufuzeni m'mapepala anu a lendi. Ngati lilipo onani deti komanso ngati moto wa pabalazawo unalembedwapo, chifukwa ndimapeza mapepala omwe analemba boiler yokha, makina aja otenthetsa madzi ndi nyumba yonse, moto osautchula. Ngati palibe ndiye kuti olakwa ndi iwowo, si inu. Komanso kuyambira pa 1 Okutobala 2022, ku England mwini nyumba ayenera kuika alamu ya carbon monoxide m'chipinda chilichonse chomwe muli chipangizo choyaka moto chokhazikika ngati chanucho, kupatula sitovu yophikira. Mu uthenga wanu simunatchule alamu, ndiye ndikuganiza kuti mulibe.

Njira yachidule ndi iyi. Imbani 0800 111 999, nambala ya ngozi za gasi, ndi yaulere ndipo imagwira usana ndi usiku. Auzeni zomwe mwandiuzazi. Amatumiza munthu kudzaonetsetsa kuti nyumba ili yotetezeka, iwo sakonza, koma akapeza choopsa amatseka nkumatapo chikwangwani chochenjeza kuti chisagwiritsidwe ntchito, ndipo zikatero alandilodi sangayankhulenso za fumbi. Kenako alembereni uthenga, osati kuimba foni, kuti pakhale umboni, muikemo zithunzi za khoma lakudalo, munene kuti ana akudwala ndipo mukupempha injiniya wa Gas Safe ndi alamu. Lembani mwaulemu, sipafunika mkangano. Akanyalanyaza, khansolo ya mzinda ili ndi ofesi yoona za nyumba za lendi, ndipo a HSE, bungwe la boma loona za umoyo ndi chitetezo pa ntchito, ndi omwe amatsata eni nyumba osayezetsa gasi. Za mantha otulutsidwa m'nyumba, mabungwe othandiza anthu a Shelter ndi Citizens Advice amapereka uphungu waulere, alankhuleni musanasaine kapena kuvomera chilichonse. Ndikudziwa ambiri a ife tikakhala achilendo m'dziko la eni timasankha kungokhala chete kuti tisaoneke ovuta, koma ife a gasi tikabwera timabwerera chumuni ndi mapaipi, sitifunsa za mapepala a munthu.

Injiniya akafika mufunseni khadi lake, si mwano, tinazolowera. Kutsogolo kuli chithunzi ndi deti yothera, kumbuyo kuli mndandanda wa zipangizo zomwe amaloledwa kugwira. Onani kuti moto wa gasi ulipo, chifukwa wina amaloledwa boiler koma moto ayi. Alandilodi akabwera ndi mnzawo wa zokonzakonza wopanda khadi, kanani. Ndipo ntchito yeniyeni siitha mphindi zisanu. Ayenera kuchotsa motowo pakhoma, kuona kuseri, kuyesa chumuni ndi utsi nkutuluka panja kukaona ngati ukutulukira pamwamba, kupukuta mabowo a gasi, kuyeza mphamvu ya gasi, kuona venti mbali zonse ziwiri, kenako kuyesa ngati mpweya ukubwerera m'chipinda. Akangoyatsa, kuyang'ana, nkulemba pepala, sanayeze. Ndipo muuzeni zoona kuti venti munaitseka kwa nthawi yaitali bwanji, sakudzudzulani, zimangomuthandiza kupeza gwero.

Alamu musadikire alandilodi, ngati mungathe gulani lero, imapezeka m'masitolo akuluakulu ndi a zomangira ndipo mtengo wake sufika ngakhale pa bilu ya gasi ya mwezi umodzi. Onani kuti palembedwa EN 50291. Ikhale yolira, osati timapepala tosintha mtundu tija, chifukwa kapepala sikangakudzutseni. Iikeni m'chipinda momwe muli moto, mita imodzi mpaka atatu kuchokera pa motowo, m'mwamba ndithu, osati kuseri kwa katani, osati pafupi ndi windo kapena venti, osati m'kabati. Ina ikani kufupi ndi kogona. Alamu ya utsi yomwe ili kudenga ija ndi ina, siimva carbon monoxide. Muzidina batani loyesera mwezi ndi mwezi, ndipo onani deti kumbuyo poti zimatha mphamvu pakapita zaka, zambiri pakati pa 7 ndi 10. Ikadzalira musayambe kufufuza kuti mwina ndi batire, tulutsani ana kaye.

Funso lomwe latsala ndi loti usiku uno mufunda chiyani, poti ndakuletsani moto. Ngati boiler ili ndi pepala lake ndipo ilibe vuto, yatsani heating, mutseke ma radiator a zipinda zomwe simukugwiritsa ntchito, bilu siikwera ngati m'mene mukuopera, ndipo moto wakale wa pabalaza kutentha kwake kwambiri kumathawira mu chumuni, ndiye mwina simumapulumutsa ndalama zomwe mumaganiza. Hita ya magetsi, makamaka ija ya mafuta m'kati, ndi yabwino m'chipinda cha ana chifukwa siyaka moto, bola musayanikepo zovala. Chomwe musachite ndi kuyatsa sitovu kapena kutsegula uvuni kuti mutenthe m'nyumba, kapena kulowetsa chootchera nyama cha makala, ngakhale makala ataoneka ngati azima amakhala akutulutsabe mpweyawu. Hita ya silinda ija yoyenda ndi matayala nayonso ilibe chumuni, zonse zomwe yatentha zimatsala m'chipinda, imafuna windo lotsegula pang'ono nthawi zonse ndipo imadzaza chinyezi m'nyumba mpaka makoma kuchita chuku, ine m'nyumba ya khanda sindiilimbikitsa. Abale athu a ku Joni omwe amadalira zoterezi mu Juni ndi Julayi, mukamalankhula nawo muwauzeko zomwezi.

Ngati venti ikulowetsa mphepo yopweteka kwambiri m'miyendo, muuzeni injiniyayo, pali mitundu ina yomwe imachepetsa kuwomba koma mpweya nkumalowabe mokwanira, ndipo iye ndi amene angawerengere kukula koyenera moto wanu. Pakadali pano sunthani sofa ichoke panjira ya mphepoyo, ventiyo muisiye pululu.

Mukabwera kuchipatala ndi mwana mundilembere m'mene zayendera, ndipo mujambule pepala lomwe injiniya akusiyireni munditumizire, ndikuthandizani kuwerenga zomwe walembapo.